Namapopa wa apongozi anga

Gemu ija ndinaisunga mu laputopu miyezi isanu osaitsegula. Anandipatsa ndi mphunzitsi mnzanga wa masamu, ndipo ndinalumbira kuti sindiikhudza mpaka holide ya Ogasiti, mapepala a mayeso atachongedwa, ana atapita kwa azakhali awo, akazi anga ali kuntchito m'tauni. Munthu wa zaka makumi anayi sapempha zambiri. Ine ndinkangofuna mpando, magetsi ndi bata.

M'gemumo umakhala namapopa. Umadzuka mumzinda wina wakunja utalumidwa pakhosi, ndipo kuyambira pamenepo chakudya chako ndi magazi a anthu. Poyamba amakupatsa mapointi ochepa oti ugawe wekha: ena ku mphamvu za thupi, ena ku lilime lonyengerera, ena ku luso lozemba osaoneka, ena ku mfuti. Ukamaliza ntchito imene akuluakulu a anamapopa akutuma, amakuwonjezera ena. Koma pointi ukangoiika penapake yapita, sibwereranso. Ine ndinali nditalemba kale pulani yanga kuseri kwa kaundula wakale wa kalasi. Munthu wanga ndinkafuna adzakhale wa pakamwa potsekemera, wolowa paliponse ndi mawu okha. Za mfuti mnzanga uja anandichenjezeratu. Anati koyambirira mfuti za mmenemo ndi zidole, umawombera mdani kasanu iye n'kumangokuyang'ana.

Lolemba loyamba la holide, apongozi anga aamuna anafika kuchokera kumudzi ndi kachikwama ndi ndodo.

Maso awo onse awiri anali atachita ng'ala. Ankangoona kuwala ndi zithunzithunzi za anthu. Kuchipatala anati opaleshoni ndi yotheka, koma shuga inali itakwera, choncho amwe kaye mankhwala milungu itatu, azikayezetsa Lachisanu lililonse, kenako adzawachite diso limodzi. Vuto linali lakuti chaka chathachi adotolo ananenanso zomwezo, ndipo kutatsala masiku awiri bambowa anazemba kunyumba kwa mlamu wanga kukomboni ya Nabvutika, n'kukapezeka ali phee kumudzi akuswa mtedza.

Akazi anga anandiitanira kuchipinda. Anati, "Ine ndimakhala kuntchito tsiku lonse, inu muli pano. Atate asachoke pakhomo pano mpaka tsiku la opaleshoni. Adotolo anena kuti akazembanso, diso lamanzere lifika poti sangalikonze."

"Ndiwamange ndi chingwe?"

"Pezani nzeru. Si ndinu aphunzitsi?"

Kunena n'kosavuta. Kwathu kuno mkamwini satsutsa apongozi ake. Sitidyera mbale imodzi, sitikhala mpando umodzi, ndipo akalankhula umangoti "inde atate," ngakhale anene kuti dzuwa limatulukira kumadzulo, ku Petauke. Pa zaka khumi ndi zinayi za ukwati wanga, mawu amene ine ndi iwo tinalankhulana sakanadzaza tsamba limodzi, ndipo onsewo anali a moni, mvula ndi chimanga.

Masiku awiri oyamba anakhala pakhonde, ine pabalaza, tikulonderana ngati mphaka ndi galu a pakhomo limodzi. Ola lililonse ankafunsa kuti mabasi a kwawo amanyamuka nthawi yanji. Ankati mbuzi zawo zikudya za eni, nshawa zawo zikutha ndi chiswe. Tsiku lachitatu mtima unandikanika. Nthawi imeneyo magetsi kwathu ankayaka masana okha, kuyambira cha m'ma thwelofu mpaka folo, ndipo batire ya laputopu yanga inafa kalekale, imangogwira ntchito ili pa soketi. Atangoyaka ndinatsegula gemu yanga, mawu nditatsitsa. Pachithunzi choyambirira penipeni wina anawombera mfuti.

Ndinamva ndodo ikugogoda pa simenti. Anaima pakhomo.

"Apongozi, imeneyo ndi pisitolo. Ndani akuwombera m'nyumba muno?"

Ndinali nditaiwala kuti bambowa anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri yolondera nyama zakutchire kuchigwa cha Luangwa, mfuti ili paphewa. Ndinaimirira n'kufotokoza mwaulemu kuti ndi masewera a pa kompyuta. Iwo anapapasa kampando, n'kukakokera kumbuyo kwanga patali pang'ono monga mwa ulemu wathu, n'kukhala. Anati ndiwawerengere zonse zolembedwa. Nditafika pogawa mapointi anandiimitsa.

"Mwati mfuti iliponso? Ikani onse pamenepo."

"Atate, amene anasewerapo akuti koyambirira mfuti sizithandiza. Bola lilime."

"Ine ndinaonapo munthu wa lilime labwino akuthamangitsidwa ndi njati. Ikani."

Ndinayang'ana pulani yanga ya pa kaundula, ndinayang'ana khoma, kenako ndinaika. Madzulo a tsikulo sanafunse za mabasi ngakhale kamodzi. Akazi anga anandinong'oneza kukhitchini kuti, "Mwawapatsa chiyani atate?" Ndinati ndawapatsa holide yanga.

Wina anganene kuti ndikanapanga munthu wachiwiri, wangawanga, ndizisewera pandekha. Ndizisewera nthawi yanji? Firiji ikangoti guu kuti magetsi abwera, bambowa anali atakhala kale pa kampando kawo, chipewa chili pabondo. Akazima, iwo ndi amene ankayamba kudandaula.

Ndiye malamulo anayamba. Loyamba linali lakuti munthu suwombera usanamuchenjeze, chipolopolo choyamba chimapita m'mwamba. Kutchire kwawoko mwina zinkathandiza. Koma taganizani: atituma kukalowa mwakachetechete m'nyumba yosungiramo katundu, mkatimo muli achifwamba khumi ndi awiri, ine ndakwawa bwinobwino mpaka kuseri kwa mabokosi, ndiye kumbuyo kwanga kukumveka mawu akuti, "Mwawachenjeza?" Ndinkawombera kudenga, ndipo onse khumi ndi awiriwo ankabwera nthawi imodzi. Pamalo amenewo tinafapo kasanu ndi kanayi. Nthawi iliyonse iwo ankapukusa mutu n'kunena kuti vuto ndi ine, ndikupuma powombera.

"Atate, ine ndikungodina batani."

"Batani kapena chiyani, mpweya ndi womwewo. Gwirani mpweya, kenako dinani."

Ndinagwira mpweya. Mphunzitsi wathunthu, wolemekezeka ndi makolo a ana, nditatupitsa masaya pabalaza panga masanasana.

Nkhondo iliyonse ikatha pankakhala lipoti. Mwawombera zingati? Zagunda zingati? Zinazo zapita kuti? Ankati kuntchito kwawo chipolopolo chilichonse chinali ndi nkhani yake yokauza bwana. M'nyumba ya munthu sitinkaloledwa kulowa mfuti ili m'manja, ngakhale ndiwauze kuti mwini nyumbayo ndi chilombo cha mitu iwiri. Tsiku lina titalandira mapointi atatu, ndinawapempha, ndikupempha ndithu ngati mwana wofuna ndalama ya zitumbuwa, kuti imodzi yokha tiike pa luso lotsegula maloko. Anati chitseko chokhoma chili ndi mwini wake. Ndinapempha ya lilime. Anati mfuti ikalankhula bwino, mwini wake safunika kulongolola. Chotsatira chake, munthu wathuyo akakumana ndi wina woti amunyengerere, mayankho amene ankatuluka anali achipongwe okhaokha, ndipo aliyense mumzindamo ankadana nafe.

Koma chimene chinandiimitsa mutu chinali magazi. Pambali pa sikirini pali kamzere kofiira, ndipo kakatha namapopa amafooka. Kathu kanali katatsala pang'ono. Ndinawafotokozera kuti tiyenera kupeza munthu woyenda yekha m'kanjira, timumwe pang'ono, safa ayi.

"Pakhomo pa mwana wanga palibe amene alume munthu."

"Ndi gemu chabe, atate."

"Mfutiyinso ndi ya gemu chabe, koma mwaona tikuigwira mwaulemu."

Bambowa ndi mkulu wa mphakati kutchalitchi kwawo, ndipo apa anakana kwamtuwagalu. Ndinasowa mtengo wogwira. Munthu wathu akafa ndi njala gemu yatha, gemu ikatha mafunso a mabasi ayambiranso. Kenako ndinakumbukira zimene mnzanga wa masamu ananena, kuti m'ngalande za pansi pa mzindawo muli tinyama timene namapopa angathe kumwa magazi ake. Ndinamutsitsira kumeneko, ndipo tinyamato tinayamba kumveka tikulira kuti tswii tswii.

"Ndi chiyani chimenecho? Mbewa kapena makoswe?"

Amene si wa kum'mawa kuno sangamvetse kukula kwa funso limeneli. Mbewa ndi ndiwo, zimakhala kumunda, zimadya mbewu zoyera. Khoswe ndi nyansi ya m'nyumba ndi m'chimbudzi. Asuweni athu Abemba amatiseka kuti timadya makoswe, ndipo palibe nthabwala imene imawapsetsa mtima apongozi anga ngati imeneyo. Ndinayang'ana pa sikirini. Chinali chikhoswe chachikulu, chotuwa, mchira wopanda ubweya, chikusambira m'madzi oipa.

"Mbewa, atate."

"Zamtundu wanji?"

"Akapuku."

"Kapuku m'tauni?"

"Kunja zimasiyana."

Anaganiza pang'ono. "Mudyetseni. Kapuku ndi wonona."

Tinayenda choncho milungu iwiri ndi masiku. Ndivomereze, ngakhale zikundiwawa, kuti pofika sabata yachiwiri munthu wa apongozi uja anayamba kuopsa. Mapointi onse aja atawunjikana, tinapeza mfuti ya mipope iwiri, ndipo adani ankagwa ngati mapapaya akupsa. Bambowa ankamenya bondo ndi chipewa n'kumati, "Nanga lilime likanachita zimenezi?" Shuga yawo inkatsika Lachisanu lililonse. Magetsi akazima ankatsalira pa kampando n'kundisimbira za njovu ina imene inawatsekera njira tsiku lathunthu, ndi za mnzawo amene ankagona ndi nsapato kuopa nkhandwe. Ndinkamvetsera, nthawi zina ndinkaseka. Koma musaganize kuti mtima wanga unali pansi. Kalendala ya pakhoma ndinkaichonga tsiku ndi tsiku, ndikudzitonthoza kuti mlendo ndi mame.

Opaleshoni inali Lachisanu. Lolemba la sabata imeneyo akazi anga anaweruka msanga chifukwa kuofesi kwawo kunalibe magetsi. Analowa ife tili m'ngalande zija, munthu wathu ali pa chakudya. Anaima kumbuyo kwanga chikwama chili m'manja.

"Iii! Munthu wanuyu akudya makoswe?"

Ndinawaphethirira. Ndinawaphethiriranso mpaka diso kuwawa.

"Mukundiphethirira chiyani? Taonani mchirawo. Chikhoswe chenicheni!"

Kumbuyo kwanga kampando kanalira, ndodo inagogoda mpaka kuchipinda, chitseko chinatsekeka. Chakudya chamadzulo anadyera komweko. Nditawafotokozera akazi anga nkhani yonse anaseka mpaka misozi, nati atate aiwala pofika mawa. Mwana wawo weniweni, koma sanawadziwe.

M'mawa mwake akazi anga atapita kuntchito, ndinatuluka kukagula buledi pa kantini ya pangodya. Sipanathe mphindi khumi ndi zisanu. Nditabwerera, pakhonde panalibe munthu, kuchipinda kunalibe chikwama. Buledi ndinamuponya patebulo, ndinaimitsa wa kabaza, ndipo njira yonse ndinkatukwana chamumtima: gemuyo, mnzanga wa masamu, makoswe, ndi ine ndemwe.

Ndinawapeza pa siteji. Mmene anafikira okha ndi maso amenewo, mpaka lero sindidziwa. Oitanira mabasi anali atawazungulira, aliyense akukuwa zake, ndipo mmodzi anali atawalanda kale chikwama n'kumawakankhira m'minibasi ya ku Mwami kuboda, chonsecho kwawo ndi msewu wa ku Lundazi. Iwo ankangotsatira, dzanja lili patsogolo kupapasa chitseko. Zinandiwawa kuona munthu amene ankatsata mapazi a mkango akukokedwa chonchija. Ndinalanda chikwamacho.

"Atate, iyi ikupita kuboda."

Anatembenukira kumene mawu anga ankachokera. "Ndi zoona zimenezo, kapena nayonso ndi kapuku?"

Ndinawatengera pambali, pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi. Ndinayamba kupepesa mwamwambo, manja pamodzi, mawu pansi. Anandidula.

"Milungu iwiri mwakhala mukundidyetsa makoswe."

"Si inu ayi, atate. Ndi munthu wa m'gemu."

"Munthu ameneyo ndi wanga. Ndinamupanga ndine, inu munali maso chabe. Tsono maso akanama pa khoswe, pa nkhani ya diso langa anena zoona? Mwana wanga akuti opaleshoni ndi kanthawi kochepa, palibe choopsa. Mlamu wanu akuti zili ngati kuchotsa kachitsotso. Koma mnzanga amene tinali naye kukampu analowa m'chipinda cha opaleshoni akuona pang'ono, anatuluka osaona ngakhale dzuwa. Kuyambira pamene maso anachita mdima, aliyense amandiuza zonona zokhazokha. Ndinkayesa inu ndinu osiyana, chifukwa mukaphonya mumanena kuti mwaphonya."

Apa n'pamene zinandifika pakhosi. Milungu itatu ya "inde atate" inatuluka nthawi imodzi, ndipo ndinachita chimene mkamwini sachita: ndinawakwezera mawu pagulu.

"Inde, ndinanama! Ndikanatani? Magazi a munthu mwakana, makoswe mukanakana, ndiye munthuyo adye chiyani, chinangwa? Gemu imeneyo ndinaidikira miyezi isanu. Mwanditengera holide, mwanditengera mpando, mwandiphetsa kasanu ndi kanayi ndi kuwombera kwanu kwa kudenga, ine osanena kanthu, zonsezo kuti mukhale mpaka Lachisanu. Mukufuna zoona? Adotolo anatiuza ine ndi mwana wanu kuti nthawi zina opaleshoni imakanika, diso limatha kuwonongekeratu. Anati sizichitika kawirikawiri, ambiri amatuluka akuona, koma zimachitika. Anatinso mukapanda kubwera, pamenepo palibe za mwina, mdima ukubwera basi. Ndipo kumudzi simukuthamangira mbuzi ayi. Mukuopa!"

Nditamaliza ndinazindikira kuti amayi a nthochi asiya kugulitsa. Mmodzi anagwira pakamwa. Manyazi anandigwira, ndipo m'mutu mwanga ndinayamba kale kuwerenga ankhoswe amene adzakhale pa mlandu umenewu.

Apongozi anatsamira ndodo ndi manja onse awiri.

"Mwandikalipira, apongozi."

"Pepani, atate. Ndalakwa."

"Anati zimachitika?"

"Anatero."

"Koma ambiri amaona."

"Anateronso."

Anapumira m'mwamba. "Chikwama chili ndi inu? Tiyeni. Malaiti abwera thwelofu."

Musaganize kuti anandikhululukira mwaulere. Masiku awiri otsalawo makoswe analetsedwa, magazi a munthu analetsedwabe, ndipo ine ndinalamulidwa kunena chilichonse chooneka pa sikirini, ngakhale zithunzi za pakhoma zimene mkamwini sayenera kufotokozera apongozi ake. Lachitatu kamzere kofiira kaja kanatha. M'gemumo namapopa akafika pamenepo amapenga, mabatani sagwiranso ntchito, ndipo wathuyo anathamanga yekha n'kukagwira wapolisi pakhosi. Ndinawauza momwe zinalili. Anati, "Mwaona kuipa kolera mwana ndi makoswe?" Ndinangoluma mano.

Akazi anga atamva zimene ndinanena pa siteji paja anakwiya koopsa. Kukalipa kuja sanakusamale kwenikweni, chimene chinawapweteka n'chakuti ndinawauza atate za kuopsa kwa opaleshoni. Anati ndaopseza munthu wokalamba, ndipo akakana Lachisanu mlandu udzakhala wanga ndekha. Kuyambira pamenepo tinkalankhulana za mchere ndi makiyi basi. Nanenso ndinali ndi mantha. Lachinayi lonse, kupatula nthawi ya magetsi, ndinakhala pakhonde, chikwama chawo nditachibisa pamwamba pa kabati.

Lachisanu m'mawa tinakhala pa benchi kuchipatala, iwo pakati, ife mbali ndi mbali. Anthu anali ambiri, okalamba okhaokha ndi owaperekeza. Anamwino anabwera ndi pepala lolembedwa m'Chingerezi ndi cholembera, nati odwala asaine. Akazi anga analilandira msangamsanga.

"Ndi pepala chabe, atate, longonena kuti mwavomera. Bweretsani dzanja ndikuonetseni polemba."

Apongozi anatambasula dzanja, koma anagwira pepalalo, nalikoka pang'onopang'ono mpaka mwana wawo analisiya. Kenako analibweretsa mbali yanga.

"Awerenge apongozi. M'Chinyanja. Mzere uliwonse."

Ndinayamba. Dzina la opaleshoni, diso limene achite, mankhwala ochititsa dzanzi. Anamwino anayang'ana wotchi. Akazi anga anandiyang'ana ndi maso oti ndilumphe ndime yachitatu, ndipo ataona kuti sindikumva anatambasula mwendo kutsogolo kwa atate awo n'kundiponda chala. Ndimeyo inkanena za kutuluka magazi, za bala kulowa matenda, ndi zakuti mwa apo ndi apo wodwala amatha kusiyiratu kuona. Ndinaiwerenga yonse, koma ndinaidutsa mofulumira.

"Pamenepo mwathamanga. Bwerezani."

Kumbuyo kwathu wina anadandaula kuti tikuchedwetsa mzere. Anamwino anati, "Bambo, anthu akudikira." Ine, kunena zoona, ndinalakalaka kuwapatsa pepalalo kuti adziwerengere okha. Ndinabwereza, liwu ndi liwu, mpaka kumapeto. Akazi anga anatembenukira kukhoma akupukuta m'maso.

Apongozi anagwedeza mutu. "Cholembera."

Anamwino anawapatsa. Anachigwira m'mwamba osadziwa pochiika, kenako anasunthira dzanjalo kwa ine. Ndinaligwira pamkono, n'kulitsitsira pa mzere wosainapo. Chilembo choyamba chinakhota, choncho sindinalisiye mpaka anamaliza kulemba dzina lonse.